Madzi a Matcheri Oŵaŵasa: Kodi Ngoyenera Aliyense?

Nkhani yathu lero ndi ya chipatso chimene sichimera m'minda mwathu muno, koma chimene dzina lake layamba kumveka m'makomo mwa anthu ambiri. Ena mwa inu muli ndi ana kapena abale ku Britain, ku America kapena ku South Africa, ndipo mwina tsiku lina adakutumizirani botolo la madzi ofiira kwambiri, kapena kabotolo ka makapisozi, nakuuzani kuti, "Bambo, muzimwa zimenezi, miyendo ileka kuŵaŵa ndipo muzigona tulo tabwino." Mphatso yotere imachokera m'chikondi, ndipo sitikuinyoza ai. Koma chilichonse chimene chili ndi mphamvu yosintha kanthu m'thupi chili ndinso mphamvu yovulaza munthu wina. Tsono tiyeni tione kuti madzi ameneŵa ngotani, ndiponso ndani amene ayenera kuchenjera nawo.

Tcheri ndi kachipatso kakang'ono kozungulira, kofiira, kokhala ndi nthanga imodzi yolimba pakati. Mtengo wake ndi mbale wa mtengo wa pichesi umene timauona ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma umafuna chisanu choopsa cha miyezi ingapo kuti ubale bwino. Matcheri alipo a mitundu iŵiri ikuluikulu: otsekemera, amene anthu amadya aaŵisi, monga aja amalimidwa ku Ficksburg m'dziko la South Africa, ndi oŵaŵasa, amene akatswiri a zomera amaŵatcha Prunus cerasus. Oŵaŵasaŵa amalimidwa kwambiri ku Turkey, Russia, Poland, Ukraine ndi Serbia, kumene anthu akhala akuŵaphika ndi kumwa madzi ake kwa zaka mazanamazana. Mtundu wotchuka pa malonda a masiku ano ndi wa Montmorency, umene udatenga dzina la dera lina pafupi ndi mzinda wa Paris. Ku America mtundu umenewu umalimidwa makamaka m'chigawo cha Michigan, m'mbali mwa nyanja, cha ku Traverse City.

Nanga chipatso cha m'khitchini chidasanduka bwanji mankhwala? M'chaka cha 1950 munthu wina wophunzira wa ku Texas, dzina lake Ludwig Blau, adalemba za anthu 12 odwala gauti amene adati adapeza bwino atadya matcheri tsiku ndi tsiku. Gauti ndi nyamakazi ija yoŵaŵa ngati moto, imene kaŵirikaŵiri imagwira chala chachikulu cha kuphazi usiku, chifukwa cha kuchuluka kwa asidi wa yuriki m'magazi. Patapita zaka zambiri, mu 1999, akatswiri a ku Michigan State University adaonetsa kuti zinthu zimene zimafiiritsa chipatsochi, zotchedwa anthocyanin, zimachepetsa kutupa mofananako ndi mankhwala ena a ululu, ngakhale kuti adayesa m'timabotolo ta m'chipinda chopimira zinthu osati m'thupi la munthu. Mukumbukire mfundo imeneyi, pakuti tibwererakonso. Mu 2010 akatswiri a ku Northumbria University ku England adafalitsa zimene adapeza pa anthu 20 othamanga mpikisano wa London Marathon: amene adamwa madzi a matcheri adabwezeretsa mphamvu za m'miyendo msanga kupambana anzao. M'chaka chomwecho ku Rochester, m'dziko la America, adayesa madziwo pa okalamba 15 osoŵa tulo, ndipo tulo tao tidakomako pang'ono.

Mwamva ziŵerengerozo: anthu 12, anthu 20, anthu 15. Ameneŵa sadzaza ndi kalasi imodzi yomwe ya pasukulu ya pulaimale. Ndiponso kafukufuku wambiri wotere amalipiriridwa ndi alimi ndi ogulitsa matcheri, monga bungwe la Cherry Marketing Institute la ku Michigan. Zimenezi sizitanthauza kuti akatswiriwo adanama. Zimangotikumbutsa kuti amene amalipira amafuna kudziŵa ubwino wa katundu wake, ndipo kafukufuku wa masabata oŵerengeka pa anthu athanzi sangathe kuonetsa zimene zingachitike kwa munthu wodwala amene akumwa chinthucho chaka chathunthu.

Tinene mosabisa kuti kwa munthu wamkulu wathanzi, kapu ya madzi a matcheri ndi chakudya chabe monga madzi a malalanje, ndipo palibe choopa. Vuto limayamba pamene tasokoneza zinthu zinai zosiyana. Pali chipatso chenicheni. Pali madzi ofinyidwa. Pali madzi oŵiritsidwa mpaka kukhala phala lolimba ngati uchi, limene munthu amasungunula m'madzi. Opanga ake amati masupuni aŵiri aakulu, ndiye kuti mamililita 30, amachokera m'matcheri pafupifupi 100. Ndipo pali ufa woikidwa m'makapisozi. Palibe munthu amene angakhale pansi nkudya matcheri oŵaŵasa 200 tsiku lililonse, mano angayayamire ndipo angaleke yekha. Koma ndi phala lija amatha kutero m'mameza aŵiri, m'maŵa ndi madzulo, osamva kanthu.

Choyamba kudandaula ndi mimba. Matcheri ali ndi mtundu wina wa shuga wotchedwa sorbitol, umene matumbo athu sautenga bwino. Umatsalira m'matumbo nkumakoka madzi, ndipo tizilombo tokhala m'matumbo aakulu timaudya nkutulutsa mpweya. Zotsatira zake ndi kulira kwa m'mimba, kupotokola, ndi kutsekula. Pajatu sorbitol yemweyu madokotala amamgwiritsa ntchito dala pofuna kufeŵetsa m'mimba mwa munthu wodzimbidwa. Anthu amasiyana: wina amamwa makapu aŵiri osamva kanthu, wina theka la kapu lomwe limamthamangitsa. Amene matumbo ao savuta kupweteka ndiwo amavutika kwambiri. Kuŵaŵasa kwa madziwo kumadzutsanso chilungulira mwa anthu amene ali nacho kale, makamaka akamwa pogona, chonsecho nthaŵi yogona ndiyo imene ofuna tulo amauzidwa kuti amwe. Mavuto ameneŵa amatha munthu akaleka kumwa kapena akachepetsa.

Nkhani ya shuga ndi yaikulu kuposa pamenepa, chifukwa lilime limatinyenga. Munthu akalaŵa chinthu choŵaŵasa amaganiza kuti mulibe shuga. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pano zatembenuka, pakuti kunja nkoŵaŵasa koma m'kati mwadzaza zotsekemera. Kapu imodzi ya mamililita 240 ya madzi a matcheri, ngakhale opanda shuga woonjezera, imakhala ndi magalamu a shuga pakati pa 25 ndi 30, ndiye kuti masupuni a tiyi 6 kapena 7. Phala lija, koposa theka la kulemera kwake ndi shuga. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wotere pa tsiku, ndipo kuti nkwabwino koposa kukhala pansi pa magalamu 25. Poŵerengera, bungwelo lidaika madzi a zipatso m'gulu limodzi ndi shuga wa m'tiyi, chifukwa chipatso chikafinyidwa, zotsalira zake zimene zimachedwetsa shuga kuloŵa m'magazi zimatayidwa. Tsono munthu amene akumwa makapu aŵiri pa tsiku, monga zinkachitikira m'kafukufuku wambiri, watha kale gawo lake lonse la tsikulo asanathire nsupuni imodzi yomwe m'phala la m'maŵa. Kwa wodwala matenda a shuga, chimenechi sichinthu choyamba kumwa mwa yekha. Ngati adokotala avomera, madziwo aloŵe m'malo mwa chakudya china chotsekemera, asakhale choonjezera, ndipo shuga wa m'magazi azipimidwa.

Pano pali chododometsa kwa odwala gauti. Shuga wa m'zipatso, wotchedwa fructose, akamaphwanyidwa m'chiŵindi amachulukitsa asidi wa yuriki, yemwe uja amayambitsa matendawo. Kafukufuku wina amene adafalitsidwa mu 2008, atatsatira amuna oposa 46,000 kwa zaka 12 ku America, adapeza kuti amene ankamwa kwambiri zakumwa zotsekemera, kuphatikizapo madzi a zipatso, ankagwidwa gauti kaŵirikaŵiri kupambana anzao. Motero wodwala amene aganiza kuti akamwa madzi ambiri a matcheri achira msanga, angathe kukhala akuthira madzi pamoto ndi dzanja limodzi, kwinaku akusonkhezera nkhuni ndi linzake.

Tsopano tifike pa impso, ndipo pano ndikupemphani kuti mutchere khutu. Tidanena kuti zofiiritsa za m'matcheri zimagwira ntchito mofananako ndi mankhwala a ululu. Mankhwala ake ndi monga ibuprofen, amene ambiri timaŵadziŵa ndi dzina lakuti Brufen, ndiponso diclofenac ndi indomethacin. Mankhwala ameneŵa amaletsa thupi kupanga timadzi tina totchedwa prostaglandin, timene timayambitsa kutupa ndi ululu. Koma timadzi tomweti tili ndi ntchito ina mu impso: timatsekula timitsempha tating'ono kuti magazi aziloŵa okwanira kukasefedwa. Impso zathanzi sizidalira kwambiri chithandizo chimenechi. Impso zofooka zimachidalira ngati nkhalamba idalira ndodo. Mukaichotsa ndodoyo, magazi oloŵa mu impso amachepa, ndipo impsozo zingaleke kugwira ntchito m'masiku oŵerengeka. Nchifukwa chake madokotala amaletsa odwala impso kumwa mankhwala a mtundu umenewu.

Mu 2014 magazini ya madokotala a impso ya American Journal of Kidney Diseases idalemba za bambo wina wokalamba amene impso zake zidali zofooka kale. Iye adayamba kumwa phala la matcheri chifukwa cha gauti, ndipo impso zake zidafooka mwadzidzidzi. Mu 2019 madokotala a ku Canada adalembanso za wodwala wina wa shuga ndi impso amene zidamchitikira zofanana atamwa phala la matcheri akuda, ndipo adapezako bwino atalileka. Anthu aŵiri sangatsimikize lamulo, ndipo madokotalawo adangoti matcheri ndiwo ankakayikiridwa. Komabe nkhanizi nzosati nkuzinyalanyaza, chifukwa gauti ndi kufooka kwa impso zimayendera limodzi: impso ndizo zimatulutsa asidi wa yuriki, ndipo zikafooka asidiyo amachuluka. Kunena kwina, munthu amene angakopeke kwambiri ndi botolo la matcheri ndi yemwe uja amene impso zake zingakhale pangozi. Choipa china nchakuti kufooka kwa impso sikupweteka poyamba. Munthu angathe kutaya theka la mphamvu ya impso zake akuyenda, akulima, osadziŵa kanthu. Amene ali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri ayenera kupimitsa magazi ndi mkodzo asanayambe kumwa phala kapena makapisozi ameneŵa tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu makina osefera magazi a anthu amene impso zao zaleka amapezeka m'zipatala zazikulu zoŵerengeka, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ofuna chithandizocho ngambiri.

Pa impso pomwepa pali nkhani ya mchere wa potaziyamu. Kapu ya madzi a matcheri imakhala ndi mamiligalamu oposa 300 a mchere umenewu. Kwa munthu wathanzi ndi chinthu chabwino, monga momwe nthochi ilili yabwino. Koma impso zofooka zimalephera kuutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi umasokoneza kagundidwe ka mtima. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima, monga enalapril, losartan ndi spironolactone, nawonso amasunga potaziyamu m'thupi. Wodwala impso amene akumwa mankhwala otere nkuonjezerapo madzi ambiri a zipatso akusenzetsa thupi lake katundu paŵiri.

Za mankhwala ena tinene mwachidule. Akatswiri a ku Northumbria aja adapeza mu 2016 kuti mwa amuna 15 amene magazi ao adali atayamba kuthamanga, phala la matcheri lidatsitsako kuthamangako kwa maola angapo. Kutsikako kudali kochepa, koma munthu wokalamba amene ali kale pa mankhwala akayamba kumva chizungulire podzuka, auze adokotala kuti akumwanso chiyani. Chimodzimodzinso amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana: mankhwala ameneŵa sachedwa kusokonezeka munthu akasintha zakudya kapena akayamba zoonjezera zilizonse, ndiye chatsopano chilichonse chizidziŵika kuchipatala. Ambiri timachita manyazi kuulula zimene tikumwa kunyumba, kuopa kudzudzulidwa. Koma safunsa adadya phula, ndipo dokotala amene sadaone botololo sangakutetezeni kwa ilo. Pitani nalo.

Ngozi yaikulu koposa, m'kuona kwanga, siili m'botolomo koma m'chimene munthu amasiya chifukwa cha botololo. Mu 2012 akatswiri a ku Boston University adatsatira odwala gauti 633 kwa chaka chimodzi, napeza kuti m'masiku otsatana ndi kudya matcheri, kudzuka kwa matendawo kunkachepa ndi 35 pa 100 alionse. Nkhaniyi idafala kwambiri. Chimene sichidafale nchakuti amene adapindula koposa ndi aja ankadya matcheri kwinaku akumwa mankhwala ao a allopurinol. Ndiponso akatswiriwo ankangofunsa anthu zimene adadya, sadaŵagaŵire okha. Pamene Profesa Lisa Stamp ndi anzake ku New Zealand adagaŵira odwala gauti 50 miyeso yosiyanasiyana ya phala la matcheri kwa masiku 28, zotsatira zimene adafalitsa mu 2020 zidaonetsa kuti asidi wa yuriki sadatsike konse. M'chaka chomwecho bungwe la madokotala a nyamakazi la American College of Rheumatology, polemba malangizo ake a gauti, lidati umboni wa matcheri ngwosakwanira kuti liŵavomereze. Gauti wosathandizidwa bwino amadya mafupa pang'onopang'ono mpaka zala kupindika. Woleka allopurinol chifukwa cha madzi ofiira wasinthanitsa khasu ndi kamtengo.

Nanga tulo? Ogulitsa amanena kuti matcheri ali ndi melatonin, timadzi timene ubongo umatulutsa kukada kuti thupi lidziŵe kuti nthaŵi yogona yakwana. Nzoona, alimo. Akatswiri a ku Texas adayeza mu 2001 napeza mananogalamu pafupifupi 13 m'galamu imodzi ya matcheri a Montmorency. Nanogalamu ndi kanthu kochepetsetsa: pamafunika miliyoni imodzi kuti akwane miligalamu imodzi. Tikaŵerengera, kuti munthu apeze miligalamu imodzi ya melatonin, imene ili m'kapiritsi kamodzi kakang'ono, ayenera kudya matcheri okwana makilogalamu 77, kulemera kwa thumba limodzi ndi theka la chimanga. Ngati madziŵa amathandizadi tulo, pali njira ina imene amathandizira, osati kuchuluka kwa melatonin. Ubwino wake wa masamu ameneŵa ngwakuti palibe amene angaledzere ndi tulo chifukwa cha kapu ya madzi a matcheri. Koma samalani ndi makapisozi ndi timaswiti ta tulo tolembedwa dzina la matcheri, pakuti m'zina mwa zimenezi opanga amathiramo melatonin woonjezera. Ŵerengani timalemba tating'ono ta kuseri kwa botolo.

Mu 2023 achinyamata ambiri pa TikTok adatengeka ndi chakumwa cha pogona chosakaniza madzi a matcheri ndi ufa wa maginiziyamu. Maginiziyamu nayenso amatsekula m'mimba, ndiye akakumana ndi sorbitol usiku umatalika m'malo mofupika. Kwa wodwala impso ufa umenewu ngwoopsa, chifukwa umaunjikana m'magazi. Makolo ena adayambanso kupatsa ana aang'ono madzi a matcheri kuti agone msanga. Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics adalangiza mu 2017 kuti mwana wosakwana chaka asapatsidwe madzi a zipatso a mtundu uliwonse, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zitatu asapitirire mamililita 120 pa tsiku. Mwana wogona ndi shuga ndi asidi m'kamwa amaola mano. Akulu omwe, asidi ameneyu amafeŵetsa chikuto cholimba cha dzino. Nkwabwino kumwa madziwo pa nthaŵi ya chakudya, kuchukucha m'kamwa ndi madzi, ndi kudikira theka la ola musanatsuke mano. Amai oyembekezera ndi oyamwitsa angathe kudya chipatsocho monga chakudya, koma phala ndi makapisozi sizidayesedwe pa iwo, ndipo nkwanzeru kuzipeŵa.

Pali anthu ena oŵerengeka amene thupi lao limadana ndi matcheri. Ku Ulaya zimachitika makamaka kwa amene amayetsemula ndi ufa wa maluŵa a mtengo wa birch: akadya tcheri, apulo kapena pichesi waliŵisi, milomo ndi kummero zimayabwa. Ngati pichesi amakuyabwitsani pakamwa, chenjerani ndi mbale wakeyu. Kutupa kwa nkhope, lilime kapena kubanika ndi ngozi yofunika kuthamangira kuchipatala nthaŵi yomweyo.

Za makapisozi pali mfundo ya malamulo imene ambiri saidziŵa. Ku America, kumene zambiri mwa zinthuzi zimapangidwa, lamulo la 1994 lidaika zoonjezera zotere m'gulu la zakudya. Motero wopanga safunika kuonetsa boma umboni wakuti zimachiza asanayambe kuzigulitsa, monga amachitira opanga mankhwala enieni. Chimene saloledwa ndi kunena kuti zimachiza matenda. Mu Okutobala 2005 nthambi ya boma yoyang'anira zakudya ndi mankhwala, ya Food and Drug Administration, idalembera makalata ochenjeza makampani 29 ogulitsa zinthu za matcheri ndi zipatso zina, chifukwa ankalengeza kuti katundu wao amathandiza pa khansa, matenda a mtima, nyamakazi ndi gauti. Kuyambira pamenepo mau a pamabotolo adafeŵa, nkumati "zimathandiza mfundo za mafupa kukhala zathanzi", mau amene salonjeza kanthu koma amamveka ngati lonjezo. Makapisozi ali ndi shuga wochepa, zimenezo nzoona. Koma kuchuluka kwa zofiiritsa zija kumasiyana kwambiri pakati pa botolo la kampani ina ndi la inzake, ndipo wogula alibe njira yodziŵira ndi maso.

Tisanatseke, mau aŵiri kwa inu amene muli kunja ndipo mumagula matcheri enieni nkumafinya nokha. M'kati mwa nthanga yolimba ija muli kanjere kokhala ndi chinthu chotchedwa amygdalin, chimene chikaphwanyidwa chimatulutsa poizoni wa cyanide. Ife zimenezi sizachilendo: ndi poizoni yemwe uja wa m'chinangwa choŵaŵa, amene amai a kunyanja amamchotsa poviika chinangwacho m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Njere za pichesi nazonso zili naye. Kumeza nthanga imodzi kapena ziŵiri zathunthu sikuvulaza, zimangodutsa m'mimba nkutuluka, ngakhale kuti mwana wamng'ono angatsamwe nazo. Choopsa ndi kuzitafuna kapena kuzipera. Makina amagetsi ogayira zipatso amene ali m'makhitchini ambiri masiku ano amaphwanya nthangazo mosavuta, ndipo njere zingapo zoperedwa zikwanira kudwalitsa mwana: mutu, chizungulire, kusanza ndi kupuma movutikira. Chotsani nthanga zonse musanagaye, ndipo mwana akamwa zogayidwa pamodzi ndi nthanga, musadikire kuti muone zizindikiro, pitani naye kuchipatala.